Katambula Kachinayi

1

Anthu amaikamba motere nkhani ya mwamuna wanga: anali katswiri wolawa mafuta, anayamba kudzimva, ndiye tsiku lina anayamikira mafuta owonongeka pamaso pa alendo, ulemu wake n'kuthera pomwepo. Akamaliza kukamba amagwedeza mitu n'kunena kuti tsoka silinunkha. Ine ndimangoti zii, chifukwa ndikudziwa kuti tsoka limenelo linanunkha ndithu, ndipo amene anamva fungo lake ndine.

Sindine munthu waphuma. Sukulu ndinaisiyira panjira ndili mtsikana, ndinadzamalizira yamadzulo ndili kale pabanja, kukhala desiki limodzi ndi alonda ndi amakaniko. Kumeneko anatiphunzitsa kuwerenga funso kawiri tisanayankhe, ndipo ndinkayesa kuti khalidwe limeneli linandilowa m'magazi.

Banja limene ndinakwatiwako lili ndi munda wa maolivi pamtunda, ndi kafakitale kofinyira mafuta kumunsi kwake. Mitengo yambiri ndi ya mtundu wamba. Koma pamwamba penipeni, pamiyala, pali mitengo makumi anayi ndi iwiri ya mtundu wosowa umene apongozi anga aamuna amautcha diso la njiwa, chifukwa zipatso zake ndi zazing'ono, zozungulira, zofiirira. Anthu ayesa kuudzala kwina, umakana. Umabereka pang'ono, chaka china umachita ngati wanyanyala. Komatu mafuta ake ndi amene anamveketsa dzina la banjalo.

Lamulo lake ndi limodzi: chipatso chithyoledwe ndi manja m'mawa, chifinyidwe dzuwa lisanalowe, osatenthetsa, osasakaniza kanthu. Mafuta oyamba amenewo akapezeka opanda chilema amalandira lebulo yagolide, ndipo pa lebulo iliyonse pamakhala siginecha ya wolawa wovomerezeka ndi bungwe loona za mafuta. Wolawayo anali mwamuna wanga. Aliyense, ngakhale bambo ake omubereka, ankamutcha Mphuno.

2

Ine ntchito yanga inali yothira. Mafuta salawira m'kapu wamba. Pali timatambula tabuluu, kuti maso asanamize lilime. Wothira amathira pang'ono, amavindikira, n'kufumbata katambulako mpaka mafuta afunde ndi kutentha kwa m'manja. Kenako amavundukula n'kupereka. Wolawa amanunkhiza, amamwa kadontho, n'kukoka mpweya m'mano. Mafuta abwino a diso la njiwa amanunkhira ngati udzu womweta kumene, amawawa palilime, n'kukuluma kukhosi mpaka utsokomole.

"Mafuta osatsokomoletsa," ankatero mwamuna wanga, "ndi othira m'mahinjesi a chitseko."

Chaka chimene ndinamaliza sukulu anadwala chimfine chachikulu, masabata awiri ali chigonere. Anachira, ananenepanso. M'mawa wina ndikuchokera koyanika zovala ndinapeza utsi uli tolo m'khitchini, mkaka utapserera pambaula, iye ali phee chofulatira, akusoka nsapato yake.

"Bambo! Kodi simukumva?"

"Chiyani, Aphunzitsi?" Ankanditcha choncho chiyambireni sukulu ija.

Atatembenuka n'kuona utsiwo, nkhope yake inagwa. Anapita pashelefu, ananunkhiza khofi, sopo, anyezi, mpaka botolo la parafini.

"Palibe," anatero. "Zonse zangokhala ngati madzi."

Madokotala anati mphuno mwina ibwerera, mwina ayi. Kukolola kunali kutatsala mwezi umodzi.

Bodza ndinaliyambitsa ndine, ndisanamizire munthu. Ndinamuuza kuti, "Ndathira zaka khumi ndi ziwiri. Katambula kalikonse kamadutsa pansi pa mphuno yanga kasanafike kwa inu. Mukuganiza kuti nthawi yonseyi ndimapuma ndi makutu?"

Anandiyesa sabata yathunthu ndi mabotolo amene ankawadziwa pamtima, ndipo sindinaphonye ngakhale limodzi. Tinapangana chizindikiro chosavuta. Mafuta akakhala abwino, ndizimupatsa katambula m'manja. Akakhala ndi chilema, ndizikaika patebulo, akatenge yekha. Mawu ofotokozera ankawadziwa kale, analibe nawo vuto.

"Ndiye kuti ine ndasanduka chidole chanu," anaseka, koma kuseka kwa pamwamba chabe.

"Inu ndinu pakamwa, ine mphuno. Nkhope ndi imodzi."

Zinayenda choncho zokolola zitatu, ndipo zonse zitatu lebulo yagolide inatuluka. Kawiri konse iye anafuna kuulula.

"Iwe, kalembe mayeso a bungwe. Dzina likhale lako, ntchito ndi yako kale."

"Ine anthu akandiyang'ana manja amanjenjemera, mukudziwa. Komanso ababa akamva angadwale. Ndipo sindingakwerere pamsana pa manyazi anu."

"Makani akowa, Aphunzitsi, anakuphunzitsa kusukulu konkuja?"

Kachiwiriko ndinalira, iye anaisiya nkhaniyo. Ine ndinayesa kuti yatha.

3

Chaka chachinayi, kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti tikolole, anayamba kupita m'tauni Lachinayi lililonse. Ankati akukaona za mabotolo ndi malebulo. Mabotolo amabwera okha pa lole chaka chilichonse, koma sindinafunse.

Kenako ndinaona kuti m'chipinda chosungiramo katundu, pashelefu imene timasiyapo botolo limodzi la chaka chilichonse, pasowa atatu. Atatu enieni a zaka zimene ndinalawa ine. Sindinafunsenso.

Lachinayi lachitatu, ndikupachika jekete lake, fungo linandimenya: mandimu abodza aja amapachika pagalasi la galimoto, ndipo pansi pake, pang'ono, mafuta odzola m'tsitsi a munthu wamkazi. Ife galimoto tilibe, iye amakwera basi. Mwini jeketeyo sakanadziwa kuti wabwera ndi mboni paphewa.

Mkazi wa mlamu wanga, amene pafakitale timamutcha Wailesi, anandipeza ndikutsuka timatambula.

"Asisi, ine si wa nkhani, mukundidziwa."

"Ndikukudziwa bwino, n'chifukwa chake ndakhala pansi."

"Dzulo ndinali m'tauni. Pa tirumu ija ili moyang'anana ndi siteshoni, ndinaona alamu. Sanali okha. Mayi wina wake wa magalasi, wovala suti, woti ukamuona umadzifunsa kuti ine ndinalakwa chiyani."

"Anthu a bizinesi amakumana m'matirumu."

"Eya, amakumana. Koma bizinesi yake ndi iti yoti bambo amatenga kapu, n'kuifumbata, n'kumuika mayi m'manja chonchi, uku onse akuseka? Kawiri, asisi. Ndinaima pa zenera mpaka mwini tirumu anandifunsa ngati ndikufuna ntchito."

Ndinamuuza kuti apite akamate malebulo. Atatuluka ndinapeza kuti katambula kamene ndinali kupukuta ndakatsuka kachitatu.

Kumupatsa kapu m'manja. Chimenecho chinali chilankhulo chathu, cha anthu awiri padziko lonse. Akanamugwira m'chiuno mwina ndikanalalata n'kuthana nazo. Koma izi zinandilowa m'mafupa. Ndinadziuza kuti ndine munthu wodekha, ndidikire ndione maso a nkhono. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa yankho. Ndinkamuphikira, kumuchapira, kumuseka nthabwala zake, mumtima ndikumanga mlandu.

4

Pakapita zaka zingapo bungwe limatumiza woyesa kuti aone ngati wolawa akadali woyenera satifiketi yake. Chaka chimenecho inali nthawi yathu. Woyesa amabwera ndi mafuta akeake, amathira yekha kuseri, ndipo pakati pa abwino amabisapo owonongeka.

Chilema chimene aliyense wa ntchito yathu amachiopa timachitcha thumba. Zipatso zikagona m'matumba masiku angapo zisanafinyidwe zimatentha zokha n'kuyamba kusasa, ndipo mafuta ake amamveka ngati sokosi yonyowa imene yaiwalika m'nsapato. Mwana wa sabata imodzi pantchito amalidziwa thumba.

M'mawa wa tsikulo mwamuna wanga anadzuka akuimba mluzu. Anameta, anavala shati yoyera, anandiuza kuti ndivale diresi langa lobiriwira.

"Ine ndikukathira mafuta, si ukwati."

"Valani basi, Aphunzitsi. Lero mundimvereko."

Chipinda cholawira ndi chaching'ono, cha makoma oyera, tebulo lalitali pakati, mbale ya maapulo oduladula otsukira m'kamwa. Munali ababa, apongozi anga aja, pampando wawo wa kumutu, mlamu wanga, Wailesi, ndi ogula atatu akuluakulu amene ababa anawaitana kuti adzaonerere luso la mwana wawo. Galimoto yotuwa inaima panja. Munatuluka mayi wa magalasi, wovala suti. Wailesi anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Sankafunika kutero. Mayiyo atandipatsa moni wa padzanja, fungo linafika lisanafike liwu lake. Woyesa sadzola kanthu tsiku loyesa, koma mandimu a m'galimoto anali atakhazikika m'nsalu ya suti yake.

"Ndiye ndinu mayi aja," anatero akumwetulira. "Ndamva zambiri za inu."

Anayang'ana mwamuna wanga. Mwamuna wanga anayang'ana pansi, akubisa kumwetulira ngati mnyamata wopezeka ndi kalata.

Mumtima ndinati, basi ndamvetsa. Wapeza njira ina yotetezera satifiketi yake. Ine ndinunkhize, uyu asaine, awiriwa aziseka m'tirumu.

5

Woyesa analowa ndi thireyi ya timatambula tisanu ndi kamodzi, tovindikira, n'kuiika patsogolo panga. Anakhala pambali ndi kabuku kake.

Koyamba ndinakafumbata, ndinavundukula. Abwino. Ndinamupatsa m'manja. Ananunkhiza mwaulemu wake uja, anamwa, anakoka mpweya, anatsokomola kamodzi. Ogula anagwedeza mitu.

Kachiwiri, mafuta okalamba, ofooka. Ndinakaika patebulo. Anakatenga, anachita tsinya. "Awa masiku awo anapita." Woyesa analemba.

Kachitatu, abwino. M'manja.

Kachinayi sindinafunike n'komwe kukayandikiza. Nditangosuntha chivindikiro, thumba linatuluka ngati munthu wokankha chitseko. Dzanja langa linayamba lokha ulendo wopita patebulo, monga linazolowera. Pomwepo ndinakweza maso, ndipo ndinaona mayi uja akuyang'anitsitsa manja anga, kenako n'kumuponyera mwamuna wanga diso.

Owerenga anzanga, ndikanakonda kukuuzani kuti mutu unazungulira, kuti sindinadziwe chimene ndikuchita. Ayi. Ndinaganiza bwinobwino, mawu ake ndikuwakumbukira: tione ngati mayi wakoyo angakupulumutse.

Ndinamupatsa m'manja.

Analandira ndi manja awiri. Ananunkhiza nthawi yaitali, maso ali chitsinzinire. Anamwa. Anatsokomola kawiri, n'kudzimenya pachifuwa.

"Eee! Awa ndiye mafuta. Udzu wa m'mawa weniweni. Mayi, ngati awa si apamwamba kuposa onse pathireyipa, mundilande satifiketi lero lomwe."

Cholembera cha woyesa chinaima. Ababa, amene anakhala pafupi, anali atayamba kale kukwinya mphuno. Anatambasula dzanja, analanda katambulako, anangokadutsitsa kamodzi n'kukakankhira kutali.

"Thumba ili! Mphuno, ukuseka nafe?"

Mlamu wanga ananunkhiza naye. "Achimwene, mwalawako zina m'mawa uno? Awa ngakhale galu angabwerere."

M'modzi wa ogula anaseka, kenako anadzigwira pakamwa.

Mwamuna wanga sanayang'ane bambo ake, kapena mng'ono wake, kapena mayi uja. Anayang'ana ine. Sanakwiye. Anali ngati munthu amene waponda sitepe imene wakhala akuiponda zaka zonse, n'kupeza kuti palibe. Kenako anaimirira, anakonza kolala.

"Ababa, mphuno yanga inafa chaka chija ndinadwala. Sindimva fungo lililonse. Ndakhala ndikukunamizani."

"Nanga zaka zonsezi amalawa ndani?" anafunsa ababa.

Ndinadikira kuti anditchule.

"Palibe," anatero. "Ndinkangolota. Mwayi unali nane, lero watha."

Ababa anavula magalasi awo n'kuwaika patebulo. "Dzina langa, pa mabotolo opita m'nyumba za anthu, iwe ukulota." Sanakweze mawu. "Siya makiyi a fakitale pamenepo."

Anasiya makiyi. Anatuluka.

6

Ogula atabalalika, ndinapita kuseri kwa fakitale kukataya mafuta otsala. Woyesa ananditsatira.

"Mayi, tilankhule."

"Ine ndi inu tilibe nkhani. Amene mumalankhula naye Lachinayi wapita uko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Mayo ine. Ndiye mwadziwa za Lachinayi, koma simukudziwa kuti tinkakambirana chiyani."

Ndinaleka kutaya mafuta, ndinatembenuka chidebe chili m'manja.

"Amuna anu anabwera ku ofesi yanga okha, masabata asanu ndi limodzi apitawo. Anaulula zonse. Ndinawauza kuti kusaina mafuta amene sunalawe ndi mlandu, satifiketi ipita, lebulo yagolide iimitsidwa. Anati satifiketi tengani, koma mafutawo analawidwa, ndipo anawalawa munthu woposa ine. Anabweretsa mabotolo atatu a zaka zanu. Tinawapima ku labu, tinawalawa anthu asanu ndi atatu. Onse atatu ndi agolide enieni."

Chidebe chimene ndinanyamula chinayamba kulemera.

"Ndinawauza kuti akubweretseni mudzayesedwe. Anati simungabwere, mwakana kawiri, ndipo mukadziwa kuti anthu akukuyang'anani mumanjenjemera. Anandichonderera Lachinayi ndi Lachinayi, ine n'kumawaperekeza pa galimoto mpaka pa siteshoni akuchondererabe. Anati bwerani mudzamuone akugwira ntchito osadziwa kuti akuyesedwa. Anandionetsa chizindikiro chanu ndi kapu ya tiyi, m'manja ndi patebulo. Ndinaseka, ndinati pa zaka zanga zonse sindinamvepo zotere. Akuluakulu anga anavomera movutikira: mukakhoza timatambula tonse tisanu ndi kamodzi, dzina lanu lilowe m'kaundula wa mayeso, lebulo isaime, ndipo iwo apume mwaulemu."

Anabwezera magalasi kumaso.

"Lero sindinkayesa amuna anu, mayi. Ndinkayang'ana manja anu. Iwo anakonza zoti thireyi ikatha aimirire, auze bambo awo ndi alendo onse kuti wolawa weniweni wa nyumba ino ndi uyu wavala zobiriwirayu."

Ndinakhala pansi, padothi pomwepo, pambali pa ngalande.

"Chimodzi chokha ndiuzeni," anatero. "Munthu amene anasankha mabotolo atatu aja sangaphonye thumba. Chinachitika n'chiyani?"

"Mandimu a m'galimoto yanu," ndinatero.

Sanamvetse msanga. Atamvetsa anagwira pakamwa. Lipoti lake analemba zimene anaona: wolawa walephera, lebulo iime chaka chimodzi. Mwamuna wanga anamupempha kuti dzina langa lisalowemo.

7

Ndinamupeza kunyumba atakhala pakhonde, shati yoyera ikadali pathupi.

"Munalimva?" anafunsa osandiyang'ana. Sanati Aphunzitsi, sanatinso iwe.

"Ndinalimva."

"Ndinadziwa. Ndimangofuna ndimve pakamwa panu."

Ndinagwada, ndinamuuza zonse: jekete, mabotolo, tirumu, Wailesi. Anamvetsera mpaka kumapeto, monga amachitira.

"Masabata asanu ndi limodzi," anatero. "Tikudya mbale imodzi. Osandifunsa ngakhale kamodzi kuti bambo, jeketeli lanunkhira ndani?"

"Ndinkaopa."

"Inenso ndinalakwa kubisa. Ndinkafuna ndikuoneni mukudabwa pamaso pa anthu, ndinali ngati mwana. Zimenezo ndi zanga." Anapuma. "Mukanandimenya mbama pamaso pa ababa, mayi, bwenzi pano tikuseka."

Ndinamupempha kuti tipite kwa ababa ndikanene zoona. Anakana. Anati nyumba imodzi singataye anthu awiri tsiku limodzi, mitengo ija ikufunabe mphuno.

Sanandithamangitse, sanandinyoze. Anayamba kugwira ntchito ya kumunda, kudulira mitengo ndi aganyu amene kale ankamuvulira chipewa. Kunyumba ankalonjera, kuthokoza chakudya, kufunsa ngati mutu wanga wasiya. Ndinayamba kukhulupirira kuti chilonda chikupola.

Patatha miyezi iwiri, masana ena ndinamuikira chakudya n'kupita kukatenga madzi akumwa. Pobwera ndinapeza pampando palibe munthu, mbale ya nyama palibenso. Ndinasuzumira pazenera. Anali pampanda, mbale ili m'manja, akulankhula motsitsa mawu ndi mayi woyandikana nafe.

"Pepani amayi, tandinunkhizireniko. Ili bwino nyamayi?"

Mayiyo ananunkhiza, akuoneka kuti si koyamba. "Ili bwinobwino, bambo. Idyani."

Atalowa anandipeza nditaima pakati pa chipinda. Anayang'ana mbale, anayang'ana ine, misozi inayamba kutsika. Pa zaka zonse za banja lathu ndinali ndisanamuonepo akulira, ngakhale tsiku la parafini lija.

"Sindiganiza kuti mungandipatse chowola," anatero. "Mutu ukudziwa. Koma ndikati ndidye, dzanja limakana. Ndayesetsa, mayi. Munthu wopanda mphuno amadya ndi chikhulupiriro basi, ndiye changa sindikudziwa kumene ndinachisiya."

Ndinamuona mmene anaondera, lamba atabooledwa bowo latsopano. Ndinazindikira kuti akakhalabe ndi ine chifukwa cha ulemu, adzafa ndi njala m'nyumba yodzaza chakudya. Sabata yotsatira msuweni wake anamupezera ntchito m'sitolo ya zitsulo, ulendo wa maola atatu pa basi. Chikwama ndinamulongedzera ndine. Malaya onse ndinawasita.

8

Papita zaka ziwiri. Chaka chimene lebulo inaima chitatha, woyesa uja anandilembera kalata, ndipo ndinapita kukalemba mayeso pamaso pa anthu asanu ndi atatu. Manja sananjenjemere. Zimene ndinkaopa kale zinali zitachepa.

Lero siginecha ya pa lebulo yagolide ndi yanga. Ababa amauza alendo kuti mpongozi wawo anapulumutsa banja. Wailesi amati ndine mkazi wolimba mtima, wopirira mwamuna wabodza. Dzina la mwana wawo woyamba ababa salitchula. Ndikamva zimenezi ndimamwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko ndi bodza lachiwiri limene ndakhala ndikulisenza. N'chifukwa chake ndalemba. Sindinatchule dzina la munthu, koma ondidziwa andizindikira, ndipo magazini ino ndikaisiya ndekha pampando wa ababa. Mwana wanu sanalote, ababa. Anakana kugwetsa mkazi amene anali atangomugwetsa.

Kwa inu owerenga, sindibwera ndi malangizo ambiri, sindine woyenera. Umboni wanga wonse unali woona. Jekete linanunkhiradi, mabotolo anasowadi, kapu inaperekedwadi m'manja. Palibe pamene ndinanamizidwa. Ndinangosowa kulimba mtima kofunsa funso limodzi lochititsa manyazi, ndipo m'malo mwake ndinasankha kumenya pamalo pamene iye anandionetsa yekha kuti m'pofewa. Ngati pali munthu amene anakuululirani kufooka kwake, kaya ndi maso, kaya ndi kusadziwa kuwerenga, kaya ndi mantha amene sauza wina aliyense, mukayambana mutukwaneni, muswereni mbale, muchokereni ngati n'kofunika. Pokhapo musakhudzepo. Pamenepo sipapola ndi pepani.

Banja lathu silinathe pa pepala. Iye sanakwatire, ine ndikadali m'nyumba yomwe ija. Amaimba foni Lamlungu masana. Amafunsa za mvula, za msana wa ababa, za mitengo ya pamiyala, ngati aganyu akudulira bwino. Chakumapeto, nthawi ya kukolola, amafunsa kuti, "Nanga mafuta a chaka chino ali bwanji?"

Ndimamuuza zoona zokhazokha, mawu ndi mawu, mmene akununkhirira, mmene akulumira kukhosi. Ndikamaliza pamakhala kachete pang'ono, kosakwana n'komwe mpweya umodzi. Wina sangakamve. Ine ndimakamva, ndipo ndimadziwa chimene mwamuna wanga akuchita m'kachete kameneko. Akuyesetsa kundikhulupirira.